Tinambala ta kuseri kwa kadontho timene timaluzitsa mapulogalamu ochita malonda okha

Lachisanu pa 25 Novembala 1983, msika wa masheya wa mumzinda wa Vancouver m'dziko la Canada unatseka mlozo wake uli pa 524.811. Lolemba lotsatira, mlozo womwewo unali pa 1098.892. Pakati pa masikuwo msika unali wotseka, palibe sheya imene inagulidwa kapena kugulitsidwa, ndipo palibe kampani imene inalemera mwadzidzidzi. Akuluakulu a msikawo anali atangokonza cholakwika chimene chinakhala chikudya nambalayo kwa miyezi 22.

Mlozo wa msika ndi nambala imodzi imene imasonyeza ngati mitengo ya masheya, poiphatikiza yonse, ikukwera kapena kutsika. Wa ku Vancouver unayamba mu Januwale 1982 uli pa 1000.000. Nthawi iliyonse malonda akachitika, kompyuta inkauwerengetsanso, ndipo izi zinkachitika pafupifupi ka 3,000 patsiku. Powerengetsapo inkapeza manambala anayi kuseri kwa kadontho, koma osungidwa anali atatu. Yachinayiyo inkangodulidwa n'kutayidwa, m'malo moti nambala yonse isendezedwe ku ina yoyandikana nayo. Mwachitsanzo 540.3269 inkasanduka 540.326, pamene inayenera kukhala 540.327.

Kudula kamodzi kunalibe kanthu, chifukwa chotayikacho sichinkafika ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 1,000. Vuto linali lakuti kuwerengetsa kulikonse kunkayambira pa nambala yodulidwa kale ija, ndiponso kudula kumatsitsa nambala nthawi zonse, sikuikweza. Pang'onopang'ono ndi mtolo: patsiku mlozo unkataya kupitirira pointi imodzi, pamwezi mapointi pafupifupi 25. Pomwe akatswiri ankatsiriza kuwerengetsa zonse kuyambira pachiyambi, ntchito imene inawatengera masabata atatu, mapointi oposa 574 anali atasowa. Kwa nthawi yonseyo anthu ankawerenga m'nyuzipepala kuti msika ukulowa pansi pamene mitengo ya masheya ambiri inali bwinobwino.

Nkhaniyi ndi yakale, koma nthenda yake ikadalipo, ndipo masiku ano ili ndi malo ambiri obisalamo. Pa misika ikuluikulu monga ya New York ndi London, gawo lalikulu la malonda likuchitidwa ndi mapulogalamu a pakompyuta amene amaona mitengo, kusankha chogula ndi kutumiza oda popanda munthu kudina batani. Anthu wamba nawonso amadzilembera timapulogalamu totere m'zilankhulo za kompyuta monga Python, kapena pa MetaTrader, kuti tiziwagulira ndi kuwagulitsira ndalama zakunja iwo ali m'tulo. Nawo msika wa masheya wa dziko lino, Malawi Stock Exchange, unayamba kugwirizanitsa ogula ndi ogulitsa kudzera pa makina mu 2018. Paliponse pamene makina akuwerengetsa ndalama mobwerezabwereza, funso la ku Vancouver limadzuka: kodi tinambala ta kumapeto tikupita kuti?

Kompyuta siidziwa 0.1

Anthu ambiri amakhulupirira kuti pa masamu kompyuta siphonya. Aliyense angathe kudziyesera: akauza Python kuti iphatikize 0.1 ndi 0.2, yankho limabwera lakuti 0.30000000000000004. Makinawo sanawonongeke, ndipo yankho lomweli limatuluka pa JavaScript ndi zilankhulo zina zambiri.

Gwero lake ndi mawerengedwe. Munthu amawerenga m'makumi, choncho 0.1 kwa iye ndi nambala yathunthu, yotha kulembedwa n'kumaliza. Komabe pali manambala ena amene makumi amawalephera. Anthu atatu akafuna kugawana K100 mofanana, aliyense ayenera kulandira K33.3333, ndipo ma 3 amenewo satha ngakhale pepala litadzaza. Wolembayo amayenera kulekera penapake, ndipo polekerapo kanthu kamatsala. Kompyuta imawerenga m'mawiri, ndi 0 ndi 1 basi. Theka, theka la theka, ndi magawo ena opezeka pogawa pawiri mobwereza imawasunga ndendende. Koma gawo limodzi mwa magawo khumi, kwa iyo, lili ngati K100 ya anthu atatu ija: silitha. Ikauzidwa kuti isunge 0.1, imasunga nambala yoyandikira kwambiri imene ingakwanitse, yomwe ndi 0.1000000000000000055511 ndi manambala ena otsatira.

Kasungidwe kameneka kamatchedwa floating point, ndipo kamatsata muyezo wa IEEE 754 umene unakhazikitsidwa mu 1985. Katswiri wa masamu William Kahan, yemwe anatsogolera maganizo ake, analandira mphoto ya Turing mu 1989. Ndi muyezo wabwino, ndipo pa ntchito za sayansi ndi zomangamanga umathandiza kwambiri, popeza umasunga manambala odalirika 15 mpaka 17. Wopima kutalika kwa mlatho sangadandaule ndi kusiyana kwa pa nambala ya 17. Wowerengetsa ndalama amadandaula, chifukwa ndalama zimafuna kuti mabuku awiri agwirizane mpaka pa tambala yomaliza.

Chodabwitsa n'chakuti kale misika ya ku America inkalemba mitengo ya masheya m'magawo asanu ndi atatu, kenako 16, a dola imodzi. Magawo amenewo kompyuta imawasunga popanda chotsala. Misikayo itasintha mu 2001 n'kuyamba kulemba m'masenti, zinapepukira anthu koma zinalemerera makina.

Mmene vutoli limaonekera pa malonda

Pulogalamu ikagula 0.1 ya katundu katatu, kenako n'kugulitsa 0.3, munthu aliyense anganene kuti yatsala ndi manja okha. M'kati mwa kompyuta mumatsala 0.00000000000000005551. Ngati wolemba pulogalamuyo anaiuza kuti isagulenso china pokhapokha chotsala chikhale ziro ndendende, idzakhala chete mpaka kalekale, kudikira kuti igulitse chinthu chimene kulibe. Ina imachita zosiyana: imatumiza oda yogulitsa kanyenyeswako, msika n'kuikana, iyo n'kutumizanso, mpaka msika n'kuitsekera kunja kaamba kotumiza maoda ambiri opanda pake. Mwini wake amadzuka m'mawa n'kupeza kuti mtengo unagwa usiku ndipo pulogalamu imene ankaidalira sinachitepo kanthu.

Palinso kudula kwa mtundu wa ku Vancouver. Munthu wofuna kusintha K0.29 kuti ikhale matambala amachulukitsa ndi 100 n'kuchotsa za kuseri kwa kadontho. Pa kompyuta, 0.29 kuchulukitsa ndi 100 kumapereka 28.999999999999996, ndipo kudula kumasiya 28. Tambala imodzi yapita. N'chimodzimodzi 4.35, imene imasanduka 434 m'malo mwa 435. M'sitolo za m'tauni tambala inasiya kalekale kufunsidwa pa chenje, koma pulogalamu yochita malonda zikwi zambiri patsiku ikamataya tambala pa ena mwa iwo, pakutha pa mwezi mabuku ake ndi a msika amakhala akunena zosiyana.

Manambala ang'onoang'ono kwambiri ali ndi msampha wawo wapadera, ndipo umakola anthu ambiri ochita malonda a ndalama za pa intaneti monga Bitcoin. Reserve Bank of Malawi inachenjezapo kuti ndalama za mtundu umenewu si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, koma vuto la masamu lomwe zimaonetsa ndi phunziro kwa aliyense wolemba mapulogalamu. Bitcoin imodzi imagawika m'tizigawo 100 miliyoni totchedwa satoshi, kotero satoshi imodzi ndi 0.00000001. Nambala ikachepa chonchi, zilankhulo za kompyuta zimasintha kalembedwe kake mosafunsa munthu. Python imalemba 0.0001 mmene ilili, koma 0.00001 imailemba kuti 1e-05. JavaScript imapirira mpaka 0.000001, ndipo ikafika pa 0.0000001 imalemba 1e-7. Pa masamu nambalayo sinasinthe. Koma mtengo ukamatumizidwa ku msika umapita ngati mawu olembedwa, ndipo msika umene ukuyembekezera manambala ndi kadontho ukaona chilembo e pakati, umakana oda. Pulogalamu imatha kuyenda bwino kwa miyezi pa katundu wa mtengo wokwera, n'kudzagwa tsiku limene yauzidwa kugula katundu wa mtengo wochepetsetsa.

Choipa kuposa apo chimachitika wolemba pulogalamu akazolowera malo awiri kapena anayi kuseri kwa kadontho, monga zimakhalira pa kwacha kapena dola. Mtengo wa 0.00001234 ukafupikitsidwa pa malo anayi umasanduka 0.0000. Pulogalamu ikafuna kudziwa kuchuluka kwa zomwe ingagule, imagawa ndalama zake ndi mtengo, ndiye kuti yagawa ndi ziro. Ikachita mwayi imaima pomwepo n'kulira. Ikapanda mwayi imapitirira ndi yankho lopanda nzeru. Pa malonda a ndalama zakunja zoterezi zimaoneka munthu akatenga pulogalamu yolembedwera yuro ndi dola, pamene kasinthidwe ka mtengo kamayezedwa pa 0.0001, n'kuigwiritsa ntchito pa yen ya ku Japan, pamene kamayezedwa pa 0.01. Malire a kuluza amene anaikidwa amakhala atasokonekera ka 100.

Pamwamba pa zonsezi, msika uliwonse uli ndi malamulo ake a masitepe. Mtengo suloledwa kukhala nambala iliyonse; umayenera kukwera kapena kutsika ndi sitepe yoikika, ndipo kuchuluka kwa katundu nako kuli ndi sitepe yake komanso malire a pansi. Ngati sitepe ndi 0.001, oda ya 0.30000000000000004 siigwera pa sitepe iliyonse, ndipo misika yambiri imaibweza.

Kusaka pamene pakudontha

Ntchito yosaka cholakwika chotere imavuta pa chifukwa chimodzi chachikulu: kompyuta imabisa umboni. Ikauzidwa kuonetsa nambala, kawirikawiri imaionetsa itaikonza kale kuti isangalatse maso. Pa sikirini pamaoneka 0.30, m'kati muli zina. N'chifukwa chake akatswiri amayamba ndi kuikakamiza kuti ilembe nambala yonse, mpaka malo 17 kapena 20 kuseri kwa kadontho, pa sitepe iliyonse ya masamuwo: mtengo utangofika kuchokera ku msika, utachulukitsidwa, msonkho wa msika utachotsedwa, ndi pamene oda ikutuluka. Pamene nambala yayamba kutuluka mchira ndi pomwe pali bowo.

Chachiwiri ndi kusunga uthenga weniweni umene unapita ku msika ndi yankho limene linabwera, chilembo ndi chilembo. Olemba mapulogalamu ambiri amasunga zimene ankafuna kutumiza, osati zimene zinatumizidwadi, ndipo 1e-05 uja amabisala pakati pa ziwirizi. Uthengawo ukapezeka, vuto la usiku wonse limatha kubwerezedwa pa kompyuta ya panyumba ndi manambala omwewo, popanda kuika ndalama pachiswe, mpaka litaoneka poyera.

Kuyesa pulogalamu ndi manambala osalala monga 100 kapena 2.5 n'kudzinamiza, chifukwa amenewo kompyuta imawasunga bwino. Oyesa odziwa ntchito amasankha dala manambala ovuta: 0.1, 0.29, 4.35, mtengo wochepetsetsa umene msika umalola, ndi manambala okhala pakati penipeni pa masitepe awiri. Apa mpamene ambiri amadabwa kuti Python ikauzidwa kufupikitsa 2.675 pa malo awiri imapereka 2.67, osati 2.68 monga anaphunzirira kusukulu. Chifukwa chake n'chakuti 2.675 yosungidwayo ndi yocheperako pang'ono kuposa 2.675 yeniyeni. Komanso ikauzidwa kufupikitsa 2.5 kuti ikhale nambala yathunthu imapereka 2, pamene 3.5 imapereka 4. Uku ndiye si kulakwitsa. Ndi lamulo lochita kusankhidwa, lakuti nambala yokhala pakati penipeni izipita ku nambala yogawika pawiri, n'cholinga choti kukweza ndi kutsitsa kuzifafanizana m'malo mokokera mbali imodzi.

Mfundo ya kukokera mbali imodziyi ndi imene imasiyanitsa cholakwika chopirika ndi chakupha. Wogulitsa chimanga amene nthawi zina amadzaza ndowa mopitiriza, nthawi zina moperewera pang'ono, pakutha pa tsiku amakhala sanabere munthu kwenikweni. Amene amapungula kadzanja pa ndowa iliyonse amakhala ndi thumba lathunthu madzulo. Choncho wosaka vuto akapeza kusiyana pakati pa mabuku a pulogalamu ndi a msika, ayenera kuyang'ana ngati kusiyanako kumasinthasintha mbali kapena kumakula tsiku ndi tsiku molowera kumodzi. Kukamakula mofanana ndi chiwerengero cha malonda, ndiye kuti penapake pali kudula.

Mankhwala ake

Njira yodalirika kwambiri ndi yakale: kusasunga ndalama ndi kadontho n'komwe. K12.50 isungidwe ngati matambala 1,250, nambala yathunthu imene kompyuta imaphatikiza ndi kuchotsera popanda chotsala, ndipo kadontho kaziikidwa pokhapokha poonetsa munthu. Umu ndi mmene Bitcoin yenimweniyo imachitira, popeza m'kati mwake imawerenga ma satoshi athunthu. Ethereum inapitirira apo: ether imodzi imagawika mpaka malo 18 kuseri kwa kadontho, zomwe zikuposa manambala amene floating point ingasunge mokhulupirika. Woika nambala yotere mu floating point amataya mchira wake nthawi yomweyo, asanachite masamu aliwonse.

Pamene manambala athunthu sakukwanira, zilankhulo zambiri zili ndi chida chowerengera m'makumi monga munthu. Pa Python chimatchedwa Decimal, pa Java BigDecimal. Chimachedwerapo, koma kwa munthu amene sakupikisana ndi makampani othamangitsana pa tizigawo ta sekondi, kuchedwako sikuoneka. Nachonso chili ndi msampha: nambala iyenera kulowamo ili ngati mawu olembedwa, mmene yachokera ku msika. Ikayamba yadutsira mu floating point, imalowa itadetsedwa kale, ndipo chidacho chimasunga litsirolo mokhulupirika. N'chifukwa chake misika yambiri ya pa intaneti imatumiza mitengo ngati mawu, ndipo wolemba pulogalamu amene amathamangira kuisintha amakhala wataya chitetezo chimene anapatsidwa.

Kufupikitsa kuyenera kuchitika kamodzi, kumapeto, ndipo mbali yake ikhale yochita kuganiziridwa. Wogulitsa katundu amene ali naye afupikitse motsitsa, chifukwa akakweza ndi sitepe imodzi yokha akhala akugulitsa zoposa zimene ali nazo ndipo oda idzakanidwa. Funso lakuti kodi chotsala ndi ziro lisinthidwe n'kukhala lakuti kodi chotsalacho n'chochepera sitepe yaing'ono imene msika umalola. Ndipo nambala iliyonse yomangidwa pamwamba pa inzake, monga mlozo kapena ndalama zotsala m'thumba, iziwerengetsedwanso kuchokera pa gwero nthawi ndi nthawi n'kuifananiza ndi ya msika. Ku Vancouver kukanakhala kuti wina ankachita zimenezi kamodzi pa sabata, vutolo likanaoneka mu Januwale momwemo.

Mayiko a ku Ulaya anaiona nkhaniyi kukhala yaikulu moti anaiika m'malamulo. Pokonzekera ndalama ya yuro, lamulo la mu 1997 linanena kuti mtengo wosinthira ndalama ya dziko lililonse ukhale ndi manambala asanu ndi imodzi, ndipo usadulidwe kapena kufupikitsidwa powerengetsa. Yuro imodzi inaikidwa pa 1.95583 ya ndalama ya ku Germany, ndipo banki sinkaloledwa kuitembenuza nambalayo kuti izichulukitsa m'malo mogawa, poopa kuti kutembenuzako kubweretsa kusiyana. Wosintha ndalama ya ku Germany kupita ku ya ku France ankayenera kudutsira mu yuro. Zingaoneke ngati n'kuchulutsa gaga m'diwa, koma olemba lamulowo ankadziwa kuti masamuwo adzabwerezedwa kambirimbiri m'mabanki a mayiko ambiri.

Kunja kwa malonda, nthenda yomweyi inaphapo anthu. Pa 25 Febuluwale 1991, pa nkhondo ya ku Gulf, chida cha asilikali a America chotchedwa Patriot chinalephera kutchinga mzinga wa Scud ku Dhahran m'dziko la Saudi Arabia, ndipo asilikali 28 anafa. Wotchi ya chidacho inkawerenga nthawi m'magawo khumi a sekondi, 0.1 yomwe ija, ndipo patatha maola pafupifupi 100 chili choyaka, nthawi yake inali itasiyana ndi yeniyeni ndi masekondi 0.34. Kwa mzinga wothamanga chotero, kusiyanako kunali mtunda woposa theka la kilomita.

Ngakhale pulogalamu itayesedwa motani, cholakwika china chimapulumuka, choncho makampani osamala amaika mlonda wachiwiri amene sadalira masamu a woyamba. Mlondayo amayang'ana oda iliyonse isanatuluke: ngati mtengo ndi ziro, ngati watalikirana kwambiri ndi mtengo wa pamsika, ngati kuchuluka kwake kwaposa malire, kapena ngati maoda achuluka modabwitsa pa mphindi imodzi, amatseka chitseko. Mtengo wa kusowa mlonda wotere unaoneka pa 1 Ogasiti 2012 ku kampani ya Knight Capital ya ku America. Kumeneko vuto silinali la kadontho. Pulogalamu yatsopano inaikidwa pa makompyuta asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu, ndipo yotsalayo inadzutsa malangizo akale amene anasiya kugwiritsidwa ntchito. Kwa mphindi pafupifupi 45 makinawo anachita malonda oposa 4 miliyoni pa masheya a makampani 154, ndipo panalibe chowaimitsa chokha. Kampaniyo inataya ndalama zoposa madola 440 miliyoni m'mawa umodzi. Mu Okutobala 2013 bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, Securities and Exchange Commission, linailipiritsa chindapusa cha madola 12 miliyoni kaamba kosakhala ndi zotchingira zokwanira maoda asanafike pamsika.